Nyimbo zotsekera chaka ku Milonde

Disembala akafika ku Milonde, mvula ili pakati, tiyi akuthyoledwa m'minda ya ku Mulanje, ndipo masipika a pamagolosale sapuma. Ine khutu langa limathamangira oyimba odziyimira paokha, omwe alibe kampani yowagulitsira nyimbo. Woyimba wotere amalipira yekha situdiyo, kenako nyimbo imayenda pa WhatsApp ndi pa mamemore khadi amene anyamata oika nyimbo amadzaza pamsika. Imatchuka ndithu, koma mwini wake ndalama saiona.

Joe Gwaladi anaona msanga vutoli, n'chifukwa chake ankagulitsa yekha nyimbo zake m'misewu ya ku Limbe. Giddes Chalamanda anayimba zaka zambiri, koma dziko lonse lapansi linamutchera khutu atakalamba, atayimbanso "Linny Hoo" ndi Patience Namadingo mu 2020.

Pa Khirisimasi penipeni, makwaya a m'matchalitchi ndiwo eni tsiku, ndipo sinditsutsa. Koma madzulo ndimafuna ng'oma za tchopa, gule wa Alhomwe amene UNESCO inamulemba m'kaundula wake mu 2014.

Inu ovina usiku wa pa 31 Disembala, woyimba wakwanuko muponyereniko kangachepe.