Utsi wa ku Trás-os-Montes ukusunga nyama, ukusunganso midzi

Ambiri a ife chouriço timachidziwira mu feijoada, koma kwawo kwenikweni ndi m'makhitchini akuda ndi mwaye a m'midzi ya ku Portugal, makamaka chigawo cha mapiri cha Trás-os-Montes, kumpoto chakum'mawa kwa dzikolo.

Kumeneko nkhumba amapha nthawi ya chisanu, mu Disembala ndi Januwale, pamene nyama sichedwa kuuma ndipo ntchentche kulibe. Abale ndi anansi amasonkhana. Amayi amatsuka matumbo, amaduladula nyama ndi kuiviika masiku angapo mu vinyo, adyo ndi mchere. Kenaka amailonga m'matumbomo, amamanga ndi ulusi ndi kupachika pa mitengo pamwamba pa moto. Utsi wa nkhuni umaumitsa nyamayo pang'onopang'ono, monga momwe ife timafutsira nyama pa nsanja. Moto ukachuluka, kunja kumapsa m'kati muli mwauwisi, ndipo ndiwo za chaka chonse zawonongeka.

Dera lililonse lili ndi mtundu wake. Vinhais amadziwika ndi salpicão, ya nyama ya kumsana. Mirandela amadziwika ndi alheira, yosakaniza ndi buledi. Anthu amasimba kuti alheira anaiyambitsa ndi Ayuda amene mfumu Manuel I inawakakamiza kubatizidwa mu 1497. Nyumba yopanda nyama yopachika pa utsi inkakayikiridwa kuti eni ake sadya nkhumba, choncho iwo ankalonga nkhuku ndi buledi m'matumbo kuti apulumuke. Lero alheira yambiri imakhala ndi nkhumba.

Vuto la masiku ano ndi lakuti midzi ikutha anthu. Mu 1960 dera la Vinhais linali ndi anthu oposa 26,000. Pa kalembera wa 2021 sanakwane 8,000. Achinyamata anapita ku France ndi ku mizinda, ndipo luso linatsala m'manja mwa agogo. Nkhumba za makolo, zotchedwa bísaro, zinatsala pang'ono kutheratu.

Chimene chathandiza ndi msika. Kuyambira 1981, Vinhais amachititsa Feira do Fumeiro mwezi wa Febuluwale, ndipo alendo amakhamukirako kukagula kwa opanga eni ake. Alimi anayambanso kuweta bísaro. Mu 2016 bungwe la European Union linateteza dzina la Alheira de Mirandela, kuti opanga a kwina asamaligwiritse ntchito.

Alimi a nkhumba a ku Angónia angatolepo kanthu apa: chakudya cha kumudzi chikakhala ndi dzina lodziwika, mtengo wake umakwera.