Mlendo akafuna mphatso, mupelekezeni kwa amene anaipanga

Mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Akulu ananena mau amenewa potilangiza kuti tizisamala alendo pamene akali pakati pathu. Koma mlendo wa masiku ano asanakamuke amafunsa kumene angagule kanthu kokaonetsa kwao, kuti abale ake akakhulupirire kuti anafikadi ku Zambia.

Funso limeneli limamveka kwambiri kuyambira mu Meyi mpaka mu Okutobala, pamene mvula yaleka ndipo miseu ipitika. Ndiyo nthawi imene maparishi amalandira ansembe, masisitere ndi acinyamata ocokera ku mipingo ya ku Ulaya. Ndiyonso nthawi imene ana athu a ku Johannesburg ndi ku London amabwera kudzaona makolo. Mlendo sadziwa msika, sadziwa mtengo, sadziwanso lamulo. Amadalira ife. Conco kumene ndalama yake ikagwere, ndife amene timasankha.

Caka cina ndinaperekeza alendo a parishi yathu pa ulendo wocoka ku Chipata kupita ku Lusaka. Tinaima pa msika wa pa Luangwa Bridge, pamene amagulitsa nsomba zouma, mphasa ndi madengu. Mlendo wina anakonda dengu lalikulu. Mai wogulitsa anachula mtengo, ndipo mlendo anayamba kuwerenga ndalama mokondwa. Pamenepo mkulu wina wa mumpingo amene tinali naye analowererapo. Anakangana ndi mai uja mpaka mtengo unatsika ndi theka, ndipo anapemphanso mbasela ya kansengwa. Titakwera galimoto anadzitama kuti wapulumutsa mlendo.

Cimene cinandiwawa ndi cakuti mkulu yemweyo ndi mlimi. M'mawa wa tsiku lomwelo anali kudandaula za amalonda a zikwama amene amafika m'midzi cimanga cikangokololedwa, n'kugula pa mtengo umene iwo eni afuna cifukwa adziwa kuti mlimi ali pa bvuto. Masana iye anacita zomwezo kwa mnzake wosauka. Mlendo uja sanapulumutsidwe ku kanthu kalikonse, pakuti ndalama imene inacotsedwa sikanakwana ngakhale cakudya cimodzi kwao. Kwa mai uja inali ndalama ya mcere, sopo ndi makope a ana.

Alimi adziwa bwino nchito imene ili kumbuyo kwa zinthu izi, pakuti ambiri oluka ndi osema ndi alimi anzathu amene amafuna ya feteleza m'cilimwe. Kuti mphasa ikhale mphasa, munthu amalowa mumtsinje kukadula bango, nthawi zina kumene kuli ng'ona. Amaling'amba, kuliyanika, kenaka n'kulisoka limodzilimodzi. Dengu ndi licero zimafuna nsungwi zodulidwa kuphiri, zong'ambidwa ndi kupalidwa ndi mpeni. Wosema amayamba ndi nkhwangwa, n'kutenga kasemasema, n'kutsiriza ndi kupala kwa masiku angapo. Kukambirana mtengo si chimo ai, ndiwo mwambo wa pamsika. Koma pali malire pakati pa kukambirana ndi kulanda.

Kumene mungawatengere

Ku Lusaka malo odziwika ndi Kabwata Cultural Village, pa Burma Road. Nyumba zozungulira za pamenepo zinamangidwa m'nthawi ya atsamunda kuti muzigona anchito acikuda. Zambiri zinagwetsedwa, koma mu 1974 boma linasunga 43 kuti pakhale malo a amisiri a zamanja. Ubwino wa pa Kabwata ndi wakuti mlendo angathe kuona munthu ali kusema ndi kulankhula naye.

Ku Livingstone kuli msika wa Mukuni Park m'kati mwa tauni, ndi wina pafupi ndi polowera ku mathithi a Mosi-oa-Tunya. Osema ambiri a kumeneko ndi ocokera kumudzi wa Mukuni. Popita kumeneko mungaime pa Choma, pamene pali nyumba yosungira mbiri ya Atonga. Madengu a Citonga amalukidwa ndi mlaza, amayambira pa tsinde la ngodya zinai n'kuthera kukamwa kozungulira. A ku Mongu, kwa Alozi, amalukidwa ndi mizu ya makenge ndipo ndi olimba kwambiri.

Kuno kum'mawa, alendo opita kukaona nyama ku Luangwa amadutsa pa Mfuwe. Kumeneko kuli Tribal Textiles, imene inayamba mu 1991, kumene anthu a m'midzi yozungulira amajambula nsalu ndi manja. Kulinso Mulberry Mongoose, kumene azimai amapanga mikanda ndi zibangili kucokera ku mawaya a misampha yocotsedwa m'thengo. Pa mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni mu Febuluwale, ndi pa Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti, amisiri a m'midzi amabweranso ndi katundu wao.

Koma musaiwale mudzi wanu. M'parishi iliyonse muli agogo oumba mbiya, abambo osema mithiko, zipande ndi mipando, ndi bungwe la azimai osoka. Mlendo akagula pakhomo pa wopanga, ndalama yonse imatsala pomwepo, ndipo iye amapita ndi nkhani yokasimba. Mpingo uli nayo kale citsanzo. Ku Mua ku Malawi, Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni mu 1976, ndipo osema a kumeneko anapanga mitanda ndi ziboliboli za m'chalichi zimene zinafika m'maiko ambiri. Palibe coletsa parishi kuika thebulo la zamanja panja pa chalichi tsiku limene kuli alendo.

Tsegulani maso

Si zonse zogulitsidwa pamsika zimene zinapangidwa kuno. Zitenje zambiri zimacokera kunja, makamaka ku China, India, Congo ndi Tanzania, ndipo zinacuruka koposa pamene fakitale ya Mulungushi ku Kabwe inatsekedwa mu 2007. Citenje ndi mphatso yabwino ndithu, koma muuzeni mlendo zoona. Ngati afuna kuti ndalama itsale kuno, apereke citenjeco kwa telala wa m'deralo amusokere malaya kapena cikwama.

Pa zosema, cinyengo cofala ndi ca phingo. Phingo weniweni ndi wolemera kwambiri, wakuda mpaka m'kati, ndipo kawirikawiri amakhala ndi mbali yoyererako kumene kunali kunja kwa mtengo. Ena amatenga mtengo wamba n'kuupaka polishi ya nsapato. Tembenuzani ciboliboli muone pansi pake, ndipo mucipukute ndi kansalu koyera. Onaninso ngati pali timabowo totulutsa ufa, cizindikiro cakuti m'kati muli tizilombo. Mtengo wosemedwa usanaume umang'ambika ukafika m'nyumba zotenthetsedwa za ku Ulaya. Maiko ena monga Australia ndi New Zealand amafuna kuti mlendo aonetse pa bwalo la ndege ciliconse ca mtengo, udzu kapena mbeu, ndipo akapeza tizilombo angathe kucilanda.

Cenjezaninso alendo za miyala. Zambia ili ndi emerald ku Lufwanyama ndi amethyst ku Mapatizya, n'cifukwa cake anyamata ena amatsata alendo ndi timiyala tobiriwira tokulunga m'pepala. Kawirikawiri ndi magalasi a botolo cabe. Mwala weniweni umagulidwa m'sitolo yokhala ndi cilolezo, ndipo umapita ndi risiti.

Zimene siziyenera kugulidwa

Apa ndiye pali nkhani ya ndende. Malonda a minyanga ya njobvu pakati pa maiko analetsedwa mu 1989 pa pangano la CITES, ndipo mu 1992 Zambia inatentha poyera minyanga imene inali m'nkhokwe za boma. Lamulo la zanyama la 2015 linaika cilango ca zaka zosacepera 5 m'ndende kwa wopezeka ndi minyanga popanda cilolezo. Kandolo kakang'ono ka nyanga kangathe kugwiritsa mlendo pa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, ndipo manyazi ake adzagwera parishi imene inamuitana. Zibangili za ubweya wa kumcira wa njobvu, zikopa za kambuku, mano a mvuu ndi mamba a ngaka, zonsezi zisiyeni. Wogulitsa akakuuzani kuti ndi pfupa la ng'ombe koma inu mukaikira, ndi bwino kupita.

Palinso zinthu za makolo. Lamulo losamala cuma ca mbiri ya dziko la 1989 sililola kutulutsa zinthu zakale, za caka ca 1924 cisanafike, popanda cilolezo ca National Heritage Conservation Commission. Ng'oma yakale ya mfumu, mikanda yofukulidwa m'manda kapena nkhwangwa ya makolo si katundu wa munthu mmodzi. Gule Wamkulu wa Acewa ndi Makishi a kumpoto cakumadzulo anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005, ndipo alendo ambiri amafuna nkhope zake. Zosemedwa kuti zigulitsidwe zilipo pamsika. Koma zocokera kudambwe zili ndi eni ake, ndipo wozigulitsa mobisa waba. Mkhristu angathe kusiyana maganizo ndi a gule, koma asakhale mkhalapakati wa katundu wakuba.

Potsiriza pali mitengo. Phingo amatenga zaka 70 kapena kuposa kuti akule, ndipo mukwa nawonso sufulumira. Tinaona ndi maso athu mmene mukula unasesedwera m'nkhalango mpaka unaikidwa pa mndandanda wa CITES mu 2019. Osema sindiwo anatha nkhalango, pakuti malole a zipika ndi makala anaononga koposa. Komabe wogula ali ndi mbali yake. Kanthu kakang'ono kosemedwa mwaluso kamapatsa mmisiri ndalama yabwino popanda kugwetsa mtengo wonse. Mlaza, bango ndi nsungwi zimaphukanso zikadulidwa mosamala. Mlimi amene ali ndi malo asiye mitengo ya mukwa m'mphepete mwa munda, pakuti adzukulu ake osema adzaifuna.

Conco abale, mlendo akadzakufunsani caka cino, mutengereni kwa munthu amene anapanga cinthuco ndi manja ake. Mumasulireni zimene mmisiri anena, muthandizeni kusankha cabwino, ndipo mutetezeni ku zimene zingamuike m'mlandu. Ikafika nkhani ya mtengo, kumbukirani tsiku limene munagulitsa thumba lanu la cimanga.