Kumanga Katundu pa Njinga Yamoto: Ngozi Imene Woyendetsa Saiona

Pa misewu ya dziko la Malawi masiku ano njinga yamoto yasanduka ngolo ya anthu ambiri. Munthu akaima pa msika wa Lizulu kapena pa mphambano ya Zalewa, aona njinga zilikudutsa zitasenza matumba a chimanga, madengu a tomato, zigubu za mafuta, malata, ngakhale mbuzi yomangidwa miyendo. Pakati pa oyendetsa amenewa pali a kabaza ndi amalonda, koma palinso antchito a Boma: alangizi a zaulimi, alangizi a zaumoyo, ndi alangizi a maphunziro amene amayendera sukulu za m'zoni mwawo. Onsewa ali ndi vuto limodzi. Katundu amakhala kumbuyo kwa msana pamene maso a woyendetsa ali pa msewu, ndipo chimene chilikuchitika pa kaliyala iye sachiona.

Zimene zimachitika kawirikawiri ndi izi. Mlangizi wa maphunziro anyamuka ku boma m'mawa atamanga katoni ya mabuku, choko ndi makaundula, ndipo mfundo yake ili yolimba ndithu. Ayenda pa tara, akhotera mu msewu wa fumbi, awoloka madambo awiri. Pofika pa sukulu, mphunzitsi wamkulu atuluka kudzamchingamira, nafunsa kuti, "Bambo mlangizi, nanga mabuku aja ali kuti?" Pa kaliyala pangotsala mphira ilikulendewera. Mabukuwo akagwera m'matope kapena akatoledwa ndi odutsa, ana a sukulu imeneyo adikira mwina teremu yathunthu. Mlangiziyo sanama ponena kuti anamanga bwino. Kulakwa kwake n'kwakuti anayesa kuti mfundo yomangidwa m'mawa ikhala yolimba kufikira kumapeto kwa ulendo.

Chifukwa chake mfundo imamasuka

Njinga yamoto imanjenjemera nthawi yonse imene injini ilikulira, ndipo pa msewu wa mabampu kunjenjemerako kumachuluka. Thumba la chimanga kapena la feteleza likagwedezeka, zam'kati mwake zimakhazikika ndi kupanikizana, thumbalo limaphwa pang'ono, ndipo chingwe chimene chinali cholimba chimatsala ndi mpata. Katoni nayo imafooka m'makona, makamaka ikanyowa ndi mvula. Zimenezi zimachitika m'makilomita oyambirira a ulendo, pamene woyendetsa akali kukhulupirira mfundo yake.

Anthu ambiri amamangira mphira zodulidwa ku machubu akale, zimene ena amazitcha malegeni. Mphira ndi yotsika mtengo, imapezeka pa msika uliwonse, ndipo imagwira bwino ikakhala yatsopano. Koma mphira imatanuka. Njinga ikagunda dzenje, katundu wolemera amadumpha, mphira nitanuka naye, ndipo potera katunduyo sabwereranso pamalo pake penipeni. Dzuwa limaumitsa mphira ndi kuichititsa ming'alu, petulo ndi oyilo zimaifooketsa, ndipo tsiku loduka siichenjeza. Mphira za m'sitolo zokhala ndi ngowe kumapeto zili ndi ngozi yakeyake, pakuti ngowe ikapulumuka pomanga imabwerera kunkhope ya womangayo, ndipo madokotala a maso m'maiko ambiri alembapo za anthu amene anataya diso motero.

Mdani wina ndi paipi ya utsi. Paipiyi imatentha kokwanira kusungunula chingwe cha nayiloni kapena thumba la pulasitiki, kotero kuti katundu wolendewera pambali angathe kuduliridwa chingwe chake pang'onopang'ono mwini wake osadziwa.

Kulemera ndi malo ake

Njinga zing'onozing'ono zimene zachuluka m'midzi ndi m'matauni zimalemera pakati pa makilogalamu 100 ndi 130 popanda munthu. Thumba limodzi la feteleza kapena la chimanga ndi makilogalamu 50, ndiko kunena kuti matumba awiri alingana pafupifupi ndi njinga yeniyeniyo. Chigubu cha madzi cha malita 20 ndi makilogalamu 20, ndipo katoni ya mapepala a mu ofesi yokhala ndi mapaketi 5 imaposa makilogalamu 12. Opanga njinga amalemba m'buku la njinga iliyonse muyeso wa katundu amene ingasenze, ndiponso muyeso wa kaliyala payekha, umene uli wochepa kwambiri kuposa momwe anthu amaganizira. Ndi ochepa amene analionapo bukuli.

Mphunzitsi aliyense adziwa chimene chimachitika mwana akakhala kunsonga kwa benchi anzake atanyamuka: mbali inayo imatukuka. Katundu woikidwa kumbuyo kwenikweni, kupitirira pakati pa gudumu la kumbuyo, amachita chimodzimodzi. Gudumu la kutsogolo limapepuka, tayala lake siligwira bwino msewu, ndipo mahandulo amayamba kugwedezeka. Pokwera chitunda cha ku Chikwawa kulinga ku Blantyre, njinga yotere ingathe kutukula mutu. Potsika Khwekhwerere kulinga ku Golomoti, kapena potsika Chiweta, katunduyo amatsetserekera kutsogolo ndi kukankha msana wa woyendetsa pa nthawi imene afunika kugwira mabuleki mosamala. Njinga yolemedwa imatenganso mtunda wautali kuti iime.

Katundu wosanjikidwa m'mwamba amakokera njinga pansi pokhota. Katundu wotambalala, monga malata kapena matabwa oikidwa chopingasa, amakola mphepo ya lole yodutsa pa msewu wa M1, ndiponso angathe kukwapula munthu woyenda pansi m'mbali mwa msewu. Chigubu chosadzaza n'choopsa kuposa chodzaza, chifukwa madzi kapena mafuta amathamangira mbali imodzi pokhota ndi pogwira mabuleki.

Ngozi zitatu

Kutayika kwa katundu ndi tsoka laling'ono poyerekeza ndi zimene zingatsatire. Ngozi yoyamba igwera woyendetsa mwini. Nsonga ya chingwe, lamba wa chikwama, kapena jekete yomangidwa mosasamala ikalowa m'masipoko kapena mu tcheni, gudumu la kumbuyo limaima mwadzidzidzi, njinga imaterereka, ndipo palibe luso limene lingapulumutse munthu pamenepo. Chitenje cha mayi wokwera kumbuyo chimachita zomwezo.

Ngozi yachiwiri igwera wobwera m'mbuyo. Galimoto kapena njinga yoyenda makilomita 60 pa ola imadya pafupifupi mamita 17 pa sekondi imodzi, ndipo munthu amatha sekondi kapena kuposerapo asanayambe n'komwe kugwira mabuleki. Thumba likagwa patsogolo pa njinga ina, woyendetsa wake aligunda kapena alizemba n'kulowera kumene kukuchokera magalimoto. Liwiro la makilomita 60 pa ola ndi lomwe chinthu chimakhala nalo chikagwa kuchokera pamwamba pa mamita 14, ndipo munthu wogwa pa njinga amafika nalo pa tara. Usiku thumba lakuda siliwoneka kufikira munthu atalifika.

Ngozi yachitatu imadza ndi mantha. Woyendetsa akamva katundu alikupendekeka, amaponya dzanja kumbuyo kuti amugwire, natsala ndi dzanja limodzi pa mahandulo, maso ali kumbali. Ena katundu akagwa amatembenuka pakati pa msewu osayang'ana, kapena kuima pa kona n'kuthamangira kukatola. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa misewu chaka chilichonse, ndipo oposa theka la iwo ndi oyenda pansi, okwera njinga zakapalasa ndi okwera njinga zamoto. Thumba logwa limaika mitundu itatu yonseyi pa ngozi nthawi imodzi.

Katundu amene sagulika pa msika

Kwa wantchito wa Boma nkhaniyi ili ndi mbali ina. Tomato akagwa, mwini wake ataya ndalama, nakagula wina. Koma kaundula wa sukulu wokhala ndi maina ndi malikisi a ana a chaka chonse sapezeka m'sitolo. Katemera wambiri afunika kusungidwa pa kuzizira kwa pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo bokosi lake likagwa n'kutseguka pa dzuwa, amayi amene ayenda mtunda wautali ndi ana kumbuyo abwerera kwawo chimanjamanja. Magazi ndi makhololo opita kukayezedwa akatayika, wodwala ayenera kuitanidwanso, ndipo mankhwala ake achedwa kuyamba.

Bungwe la Riders for Health, limene oyambitsa ake ndi Barry ndi Andrea Coleman a ku Britain, lanyamula zoyeza zotere pa njinga zamoto kwa zaka zambiri m'Malawi ndi m'maiko ena a mu Africa. Njira yake ndi yophunzitsa woyendetsa kuyendera njinga yake tsiku lililonse asananyamuke, ndi kunyamula zoyezazo m'zotengera zopangidwira ntchito yomweyo. Palibe chifukwa chakuti mwambo umenewu ukhale wa anthu a zaumoyo okha.

Kamangidwe koyenera

Katundu wolemera aikidwe pansi, pafupi ndi msana wa woyendetsa, pamwamba pa chishalo cha kumbuyo ngati palibe wokwerapo. Zopepuka zikhale pamwamba. Ngati pali zikwama za m'mbali, zilingane kulemera, ndipo zitalikire paipi ya utsi. Chingwe chimangidwe ku chitsulo cholimba cha njinga, osati ku magetsi okhotera kapena ku nambala. Zingwe zikhale ziwiri kapena kuposerapo, chilichonse ndi mfundo yakeyake, china chopingasa ndi china cha m'litali, kuti chimodzi chikaduka chinzake chigwirebe. Pa katundu wolemera, lamba wa nayiloni kapena chingwe chosatanuka ndicho chikhale chogwira, mphira ingothandizira. Nsonga zonse zotsala zipindidwe ndi kumangidwa, pasakhale kanthu kolendewera pafupi ndi gudumu.

Womanga akatha, agwedeze katunduyo ndi manja awiri mwamphamvu. Njinga yonse ikagwedezeka pamodzi ndi katundu, wamanga. Katundu akagwedezeka yekha, amasule ayambirenso. Aonetsetse kuti getsi la kumbuyo ndi nambala zilikuoneka, aonjezere mpweya m'tayala la kumbuyo monga buku la njinga linenera, ndipo akhazike magalasi kuti aziona kona ya katundu wake. Zikalata, ndalama ndi makiyi zikhale m'thumba la jekete lotsekeka. Mapepala akulungidwe mu pulasitiki asanalowe mu katoni, makamaka kuyambira November mpaka April.

Chachikulu pa zonse ndi kuima. Atayenda makilomita ngati 5, woyendetsa apatuke pamalo pooneka bwino, atsike, akoke chingwe chilichonse ndi dzanja. Achitenso chomwecho akatha msewu wa mabampu, asanayambe kutsika phiri, ndi paliponse pamene wapumira. Ntchitoyi siitenga mphindi ziwiri. Akulu anati kuthamanga sikufika. Katundu akayamba kupendekeka ali pa ulendo, manja onse awiri akhalebe pa mahandulo, achepetse liwiro pang'onopang'ono kufikira ataima kunja kwa msewu.

Lamulo ndi udindo wa akulu a ntchito

Lamulo la pamsewu la 1997 limawerenga njinga yamoto ngati galimoto ina iliyonse. Ifunika kulembetsedwa ndi kukhala ndi inshulansi, woyendetsa wake afunika chiphaso ndi chipewa choteteza mutu, ndipo kuyendetsa mosasamala ndi mlandu. Munthu amene katundu wake wagwa n'kuvulaza wina sangadzikanire ponena kuti chingwe ndicho chinaduka, pakuti chingwecho anamanga ndi iye. Inshulansi imene lamulo limakakamiza imalipira ena amene avulazidwa, koma siibweza katundu wa woyendetsa mwini. Wantchito wa Boma akumbukirenso kuti malamulo a chuma cha Boma amalola kulipiritsa munthu amene wataya katundu wa Boma chifukwa cha kusasamala.

Komabe si chilungamo kusenzetsa woyendetsa mlandu wonse. Mkulu wa ntchito amene apereka njinga popanda malamba kapena bokosi lotsekeka, nalamula kuti makatoni anayi apite ulendo umodzi pofuna kusunga mafuta, ali ndi gawo lake pa ngozi imene ingachitike. Malamba awiri mtengo wake sufika pa mtengo wa katoni imodzi ya mabuku. Kuli koyenera kuti maofesi a maphunziro, a zaulimi ndi a zaumoyo m'maboma alembe malamba ndi mabokosi pa mndandanda wa zipangizo za njinga iliyonse, ndipo katundu woposa muyeso adikire galimoto.

Aphunzitsi nawo ali ndi mwayi umene ena alibe. Ambiri mwa anyamata amene adzayendetse kabaza zaka zikudzazi ali m'kalasi lero. Phunziro la sayansi lonena za kulemera, liwiro ndi mphamvu lingathe kuphunzitsidwa ndi benchi, thumba la mchenga ndi mphira ya chubu pa bwalo la sukulu, ndipo mwana amene waona ndi maso ake mfundo ilikumasuka adzakumbukira kuima ndi kuikoka akadzakhala pa chishalo.