Chikonga Chopanda Utsi: Kodi Mayi Wapakati Angachidalire?

Pa Nkaya, m'boma la Balaka, ndi pamphambano ya njanji. Apa njanji yochokera ku Limbe kunka ku Salima imakumana ndi ija ya ku Nacala, yodzera pa Liwonde ndi Nayuchi, imene inatsegulidwa m'chaka cha 1970. Malo otere, amene alendo sasowapo, sachedwa kulandira malonda achilendo, abwino ndi oipa omwe. Ndipo mwa malonda amene atchuka m'matauni muli ndudu zamagetsi, zotchedwa vape, zimene zimatulutsa nthunzi m'malo mwa utsi. Ogulitsa amati zimathandiza munthu kuleka fodya. Tsono mphunzitsi kapena kalaliki wa Boma, amene anthu a kumudzi amadza kwa iye kudzafunsa nzeru, ayenera kudziwa choyankha pamene wofuna kulekayo ali mayi wapakati.

Mu utsi wa fodya muli ululu wa mitundumitundu, koma mdani wamkulu wa mwana wosabadwa ndiye mpweya wotchedwa carbon monoxide, umene umalowa m'mwazi wa mayi ndi kulanda malo a mpweya wabwino umene mwanayo amakhalira nawo moyo. Pathupi pangathe kupita padera, kapena mwana kubadwa wochepa thupi, kapenanso masiku asanakwane. Vuto lotsirizali si lachilendo kuno, pakuti lipoti la bungwe la World Health Organization la mu 2012 linaika Malawi patsogolo pa maiko onse, ana 18 mwa 100 ali onse atabadwa nthawi isanakwane.

Chimene chimamanga munthu ku fodya ndi chikonga, ndicho mwini chibaba. Chifukwa chake asing'anga anakonza tizigamba tomata pakhungu ndi chingamu chotafuna, zopatsa thupi chikonga pang'onopang'ono popanda utsi, kufikira chibaba chitazirala.

Kodi zimenezi n'zabwino kwa mayi wapakati? Mu 2012 a Tim Coleman a ku Nottingham, ku England, pamodzi ndi anzawo, anafalitsa zimene anapeza atayesa amayi apakati 1,050. Ena anapatsidwa tizigamba ta chikonga, ena topanda kanthu. Ana a magulu onse awiri anabadwa mofanana, ndipo ataonedwanso pa zaka ziwiri, a amayi a tizigamba ta chikonga sanapezeke otsalira m'kakulidwe. Komatu oleka fodya anali owerengeka, 9 mwa 100 kuno ndi 8 mwa 100 uko, popeza ambiri anataya tizigambato sabata zoyamba zomwe. Ndiponso thupi la mayi wapakati limatha chikonga msanga, kotero kuti muyeso wokwanira munthu wina kwa iye umaperewera.

Ndudu zamagetsi zinayesedwa pambuyo pake. Mu 2022 a Peter Hajek a ku London anaonetsa za amayi 1,140, ena ogwiritsa ntchito nduduzi ndi ena tizigamba. Zovuta za pathupi sizinasiyane kwenikweni, ndipo ana ochepa thupi anali 10 mwa 100 kwa a ndudu zamagetsi, pamene kwa a tizigamba anali 15 mwa 100. Ogulitsa amakonda kutchula zimenezi, koma amaiwala kunena kuti amayi aja anali osuta kale, ndi kuti anali m'manja mwa anamwino, m'dziko limene lamulo limaika malire a chikonga m'madzi a nduduzo. Kabotolo kogulidwa pa msika, kopanda chizindikiro chodalirika, ndi nkhani ina ndithu. Bungwe la World Health Organization nalonso silinavomereze nduduzi. Ndipo m'malangizo ake a 2013 silinalamule kapena kuletsa tizigamba kwa amayi apakati, koma linaika patsogolo uphungu wa pakamwa, ndi kukana mapiritsi a varenicline ndi bupropion.

Kunena zoona, chikonga chopanda utsi n'chopepukirapo kuposa ndudu, koma si madzi akumwa. Mayi amene walephera kuleka ndi uphungu wokha angathe kuthandizidwa ndi tizigamba, dokotala atalola. Amene sanasutepo asakhudze n'komwe.

Kwa anthu a ku Nkaya nkhani ili ndi mbali ina yoposa. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi osuta m'Malawi sanapose mmodzi mwa 100, pamene amuna anapitirira 10 mwa 100. Ndiye kuti utsi umene mayi wapakati amapuma, kawirikawiri ndi wa chingambwe cha mwamuna wake, m'nyumba ya mazenera aang'ono, kuonjezera pa utsi wa nkhuni. Palinso fodya wofwenkha ndi woika m'kamwa, amene agogo samuyesa fodya konse chifukwa safuka. Koma ku Sweden, kumene fodya wa m'kamwa ndi wofala, anapeza kuti amaonjezera ngozi ya kubala mwana wakufa kapena wosakwana masiku.

Boma la Malawi linalowa m'pangano la maiko loletsa kufala kwa fodya mu 2023, chinthu chosapepuka kwa dziko limene limapeza ndalama zambiri zakunja ndi mbewu yomweyo. Pangano lotere limafika kumudzi pamene mzamba wa kusikelo, kaya pa chipatala cha Balaka kaya cha Machinga pa Liwonde, afunsa mayi za fodya wa m'nyumba mwake, ndipo mwamuna amene wamperekeza auzidwa pamaso kuti kufikira mwana atabadwa, ndi pambuyo pake pomwe, chingambwe chake azikayatsira pabwalo.