KUKONZA DZIKO LA MUDZI PAMODZI

Kwa mafumu, nyakwawa ndi alimi a ku Mpingu.

Akuru anati, madzi saiwala khwawa. Madziwo sadziwanso malire a munda. Munthu wa kumtunda akaunda mizere yotsetsereka, madzi ace athyola mizere ya mnzace wa kumunsi, nakokolola nthaka ndi manyowa omwe. Mcenga ukwirira dambo, ndipo citsime ciphwa msanga m'cirimwe. Cifukwa cace munthu sakhoza kusunga nthaka pa yekha ai. Dziko la mudzi liyenera kukonzedwa lonse pamodzi, kuyambira kumtunda kufikira kudambo.

Nkhani iyi si yacilendo kuno. M'caka ca 1946 Boma la Nyasaland linaika lamulo lakukakamiza anthu kuunda mizere yopingasa ndi migula. Akukana analipitsidwa, ena namangidwa. Anthu anaida nchitoyo, pakuti inadza ndi cilango, yopanda upo. M'caka ca 1968 Boma la Malawi, lothandizidwa ndi World Bank, linayamba nchito yaikuru yakukweza ulimi kumadzulo kwa Lilongwe. Analambula miseu, nakumba zitsime ndi ngalande zakupatutsa madzi, nayesa minda ya mabanja ndi kuilemba m'buku. Koma ngalande imene eni mudzi saiyesa yao ikwiririka msanga. Nchito yokhalitsa ndiyo yopangana inu eni.

Tsono citani cotere:

1. Dzinja lisanafike, mfumu iitane amuna ndi akazi, muyende dziko lonse la mudzi, mupenye pamene madzi ayambira ndi pamene akumba zigwembe. Pobwera mujambule zonsezi pansi pa bwalo, kuti yense aone.

2. Malo okwera ndi amiyala muwapatule akhale nkhalango ya mudzi. Pamenepo mudzatema nkhuni ndi mirimo mwa cilolezo, ndipo mitengo idzamwetsa madzi pansi.

3. Akalozera ayesedwe mopingasa mtsetse, osaduka pa malire, koma opitirira kucokera m'munda wina kulowa m'munda unzace. Bzalanipo udzu wa vetiva. Mizere yonse itsate akalozerawo, yotalikirana masentimita 75, yotsekedwa m'mikwasa kuti madzi aime.

4. Njira za anthu ndi za ng'ombe muzikweze, pakuti zigwembe zambiri ziyambira m'njira.

5. Sinthanitsani mbeu: pamene panali cimanga pabwere nsawa kapena soya, pakuti izi zibwezera nthaka mphamvu. Musadule msangu m'munda. Uyoyola masamba ace m'dzinja, nunenepetsa nthaka osaphimba mbeu.

6. Dambo ligawidwe: kwina madimba, kwina busa. Musalime kufikira m'mphepete mwa mtsinje. Siyani bango ndi mitengo zigwire gombe.

Inu mafumu, lamulo la malo la 2016 linaika kuti m'dera la mfumu yoyang'anira midzi ingapo mukhale bungwe la malo: mfumuyo ndi anthu 6 osankhidwa, mwa iwo akazi osacepera 3. Mapangano anu apite ku bungwe limeneli, alembedwe, kuti pasadzauke mirandu m'tsogolo. Pamene madzi acokera m'mudzi wina, kambiranani ndi mfumu ya kumeneko, ndipo muitane mlangizi adzakuthandizeni kuyesa akalozera.

Anthu acuruka, koma dziko silikula. Nthaka imene ipita ndi madzi caka cino sidzabwerera ana anu.