Buledi wopanda tirigu: zimene taphunzira pa mbaula ku Rumphi

Achinyamata anzathu a m'makalabu, nkhani ino inayamba ndi sikono. Pamsonkhano wathu wa Loweruka pano pa Rumphi Boma timasonkherana ndalama za tiyi ndi masikono. Mtsikana wina wa m'gulu lathu ankangomwa tiyi, sikono n'kupatsa woyandikana naye. Ena anayamba kumunena kuti ndi wamatama. Atatopa nazo anatiuza zoona zake: akadya buledi, mandasi kapena sikono, mimba imatupa, amatsegula m'mimba masiku awiri, ndipo adokotala atamuyeza anamulangiza kusiya chilichonse cha ufa wa tirigu. Tinachita manyazi. Tinagwirizana kuti tiphunzire kuphika buledi woti tonse tizidyera pamodzi.

Kodi vuto la tirigu n'chiyani? Mu tirigu muli puloteni yotchedwa gluten, imene imapezekanso mu balere ndi mu mbewu ina ya kunja yotchedwa rye. Mukamakanda fulawa ndi madzi, gluten ndi amene amachititsa kuti zokandazo zizitamuka ngati mphira. Yisiti ikayamba kutulutsa mpweya, mphira uja amaugwira, buledi n'kufufuma. Kwa anthu ambiri gluten alibe vuto lililonse. Koma pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 100 alionse padziko lapansi ali ndi matenda otchedwa coeliac. Munthu wotere akadya gluten, chitetezo cha m'thupi mwake chimaononga khungu la m'kati mwa matumbo ang'ono, ndipo chakudya chimangodutsa osagwira ntchito. Zotsatira zake ndi kuonda, kuchepa magazi, kufooka, ndipo ana amapinimbira. Dokotala wa ana wa ku Netherlands, Willem Dicke, anaona kuti pa njala ya 1944 ndi 1945, buledi atasowa, ana odwala matendawa anayamba kupeza bwino, koma buledi atabwerera anadwalanso. Mpaka lero chithandizo chake ndi kusiya gluten moyo wonse.

Apa tichenjezane. Kutsegula m'mimba kosatherapo ndi kuonda zimabweranso chifukwa cha njoka za m'mimba, TB, HIV ndi matenda ena ambiri. Musadziweruze nokha kuti ndi tirigu. Pitani kuchipatala, mukayezetse magazi, ndipo musasiye kudya buledi musanaonane ndi adokotala, chifukwa munthu amene wasiya kale gluten akayezedwa, matenda a coeliac atha osaoneka. Buledi wopanda tirigu si mankhwala, saonjezera chitetezo m'thupi, ndipo mnzathu amene akumwa ma ARV koma tirigu samuvuta alibe chifukwa chosiyira mandasi.

Ulendo woyamba tinalephera mochititsa chisoni. Tinatenga mgaiwa, n'kuthira yisiti ngati mmene amachitira ophika masikono, n'kuika padzuwa. Zinangochita thovu pang'ono basi. Chimene tinatulutsa mumphika chinali njerwa yoti ungamangire nayo khola la nkhuku. Agogo a mnzathu wina, amene anatibwereka mbaula, anaseka mpaka misozi. Anatifunsa m'Chitumbuka kuti tikuvutikiranji ndi yisiti pamene chigumu chilipo.

Ananena zoona. Chigumu, chimene ena amati chikondamoyo, ndi buledi wopanda gluten amene amayi athu akhala akuphika kuyambira kale. Chimanga, chinangwa, mpunga, mapira ndi mawere, zonsezi zilibe gluten. Ku Ulaya anthu amagula buledi wotereyu pa mtengo wokwera kuposa buledi wamba, pamene ife timamuderera kuti ndi chakudya cha kumudzi. Komanso tirigu wambiri amene timadya m'Malawi muno amachokera kunja. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu 2022 fulawa anakwera mtengo, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023 anakweranso. Mgaiwa timakagayitsa tokha kuchigayo.

Popeza mgaiwa ulibe mphira uja, pamafunika zinthu zina zougwirizitsa, ndipo ntchito imeneyi amaigwira ndi nthochi zakupsa ndi dzira. Chofufumitsa ndi soda, koma soda amafuna chinthu chowawasa kuti atulutse mpweya, monga chambiko kapena mkaka wofinyiramo ndimu. Ife tinaonjezera nzeru imodzi: ufa wa kondowole pang'ono, umene umabwera kuchokera kunyanja, madera a Chiweta ndi Mlowe. Ufawu ukapsa umanyendeza, motero chigumu sichiyoyoka podula. Ugulidwe kwa anthu amene chinangwa chao amachiviika m'madzi masiku angapo n'kuchiyanika bwino, chifukwa chinangwa chowawa chosaviikidwa chili ndi poizoni.

Muyezo umene watiyendera bwino ndi uwu. Sefani makapu 2 a mgaiwa ndi theka la kapu ya ufa wa kondowole, n'kusakaniza ndi supuni yaing'ono ya soda yosadzaza kwambiri, mchere pang'ono ndi masupuni 2 a shuga. Pambali kanyani nthochi 4 zakupsa kwambiri, zija zakuda khungu zimene pamsika amagulitsa motchipa madzulo. Thiranimo dzira limodzi, masupuni 3 a mafuta ophikira ndi kapu imodzi ya chambiko. Phatikizani zonse ndi mthiko. Zisakhale zolimba ngati nsima ayi, zikhale ngati phala lokhuthala. Anthu ozolowera fulawa amalakwitsa pomwepa: amaona ngati madzi achuluka n'kuonjezera ufa, chonsecho mgaiwa umamwa madzi ambiri ukakhala pamoto. Kukanda sikufunika. Ndipo mukangosakaniza musachedwe, chifukwa soda amayamba ntchito nthawi yomweyo. Soda akachuluka, chigumu chimafiira ndi kumveka sopo m'kamwa.

Pakani mafuta m'sefuliya, kapena yalanimo tsamba la nthochi lowawula pamoto. Thirani zosakanizazo mpaka theka la sefuliya, vindikirani ndi chiwaya. Makala ambiri akhale pamwamba pa chiwayacho, pansi pakhale ochepa kwambiri. Ife chigumu chachiwiri tinachipsereza kunsi, m'kati muli phala, chifukwa mnyamata amene anali pa mbaula anakupizira moto ngati akuphika nyemba. Pakatha mphindi 40 bayani pakati ndi mpeni. Ukatuluka wouma ndiye kuti chapsa. Chisiyeni chizizire musanadule, ngakhale fungo likukopeni bwanji.

Chovuta kwenikweni si kaphikidwe koma ziwiya. Kwa munthu wa coeliac, ngakhale fulawa wotsalira pa sefa, pa mthiko kapena m'mafuta amene mwakazingiramo mandasi ndi wokwanira kumudwalitsa. Ife tinagula sefa ndi sefuliya zake zapadera, n'kuzimanga chingwe chofiira kuti zisasokonekere. Chigumu ndi zitumbuwa zogula pamsika muzifunsanso, chifukwa ogulitsa ena amathiramo fulawa kuti zifewe.

Chigumu chimauma msanga kusiyana ndi buledi wa m'sitolo. Timachiphika Loweruka m'mawa n'kuchidya tsiku lomwelo ndi chiponde cha mtedza, popeza mgaiwa ndi chinangwa pazokha sizikwanira kumanga thupi. Chikatsala timachikulunga m'nsalu yoyera, mawa lake n'kuchitenthetsa pa chiwaya. Mnzathu uja ndiye amasunga sefa ya chingwe chofiira, ndipo sabwereketsa aliyense, ngakhale wapampando.