Akuti nikameze paipi: alendo a ku Feira na matenda osanza magazi

Mu Lusaka ni nyumba zocepa zimene sizinasungepo mlendo wa cipatala. Amafika na kacola kamodzi, pepala la dokotala lili m'thumba. Ngati kwanu ni ku Luangwa, kumene akulu-akulu akali kuchula kuti Feira, mlendo wanu amakhala atayenda makilomita opitilila 300: kucoka pamene Luangwa imathila mu Zambezi, kufika pa Luangwa Bridge paja timagula nsomba zouma, ndiyeno Great East Road yonse mpaka mu tauni. Mukamufunsa cimene amutumila ku UTH, wina amangoyankha mwamantha kuti, akuti nikameze paipi.

Paipi imeneyo dzina lake ni endoscope. Ni yofewa, yonenepa ngati cala, ndipo kumapeto kwake kuli kamela na nyali. Imaloŵa pakamwa, kutsika kum'melo mpaka m'mimba, dokotala n'kumaona zonse pa sikilini. Munthu sang'ambidwa paliponse. Amamuuza kuti asadye kwa maola 6 kapena 8, amamupopela mankhwala ocititsa dzanzi kukhosi, nthawi zina na nyeleti yomuwodzeletsa. Amene anayambitsa paipi yopindika yotele mu 1957 ni Basil Hirschowitz, wobadwila ku South Africa, ndipo anayamba waimeza yekha asanaiyese pa wodwala. Dokotala wotelo nimamupatsa ulemu.

Cimene ambili sitidziŵa n'cakuti paipiyi si yoonela cabe. Mkati mwake muli kanjila kopitishila zida. Na zida zimenezo amatseka cilonda ca m'mimba cimene cikukha magazi, amacotsa munga wa nsomba kapena khobili limene mwana wameza, ndipo amaika kapaipi kotsegula njila ya cakudya kwa munthu amene khansa yamutseka kum'melo. Koma kwa anthu okhala m'mbali mwa madzi, nchito yaikulu ni ina.

Likodzo, limene ambili timangoti bilharzia, lili mitundu iŵili kuno kwathu. Lodziŵika ni lija lokodzetsa magazi. Linalo ni la m'matumbo, ndipo ni lakabisila. Tizilombo take timacoka mu nkhono za m'madzi, n'kuboola khungu la munthu amene akuŵedza, kucapa olo kusamba. Tikakula m'thupi timaikila mazila, ndipo ambili amakatsakamila m'ciwindi. Pakapita zaka, ciwindi cimacita zipsela. Magazi ocoka m'matumbo, amene afunika kudutsa m'ciwindi, amapeza njila yathina, ndiye amapatukila mu timitsempha twa kum'melo. Ganizilani motoka zonse za mu Great East Road zitapatutsidwila mu kamseu ka mu komboni. Mitsempha ija imatupa, khungu lake limapyapyala, ndipo tsiku lina imaphulika.

Apa m'pamene mabanja amasokonezeka. Munthu wa likodzo la m'ciwindi kaŵili-kaŵili amaoneka wamphamvu, dzulo lake anali kupalasa bwato, lelo wasanza magazi odzala beseni. Ena amathamangila kunena kuti amuloza, ena kuti ni kacasu. N'zoona kuti moŵa na hepatitis B nazonso zimaononga ciwindi mpaka mitsempha kutupa. Koma munthu amene sanalaŵepo moŵa angathe kusanza magazi cifukwa ca madzi amene anasambamo ali mwana. Miseche ya pa malilo nthawi zina imanamizila munthu wosalakwa.

Njila yothandizila ni kumanga mitsempha ija na timphete twa mphila. Inayamba ku America m'zaka za m'ma 1980 na dokotala wina, Greg Stiegmann. Kutsogolo kwa paipi amavekako kacipewa koonekela mkati, kokhala na timphete tungapo. Dokotala akapeza mtsempha wotupa, amauyamwila m'kacipewa, n'kumasula kamphete kamodzi kamene kamaumanga patsinde. Magazi amaleka kupitamo, ndipo pakapita masiku ocepa mbali yomangidwa imafota n'kugwa, kamphete n'kutuluka na cimbudzi. Pamatsala kacilonda kamene kamapola. Masiku oyamba wodwala afunika zakudya zofewa monga phala, osati nsima yolimba na nsomba ya minga.

Manje pano m'pamene ise a mu tauni tiloŵela. Kumanga kamodzi sikukwanila. Wodwala amafunika kubwelela pakapita milungu iŵili kapena inayi, kangapo, mpaka mitsempha yonse yotupa itatha, ndipo pambuyo pake amamuonanso nthawi na nthawi. Amamwanso mapilisi a propranolol tsiku lililonse ocepetsa mphamvu ya magazi m'mitsempha ija, na praziquantel, uja amagaŵa m'masukulu, wopha tizilombo. Kwa wokhala ku Kabwata kubwelela ni basi imodzi. Kwa msodzi wa ku Feira ni ulendo wa tsiku, ndalama ya basi kupita na kubwela, na nchito yoima. Akamva bwino pambuyo pa ulendo woyamba, n'cosavuta kuganiza kuti wacila. Mitsempha yotsala ikali pomwepo.

Nidziŵa kuti kusunga mlendo mwezi wathunthu m'nyumba ya zipinda ziŵili, unga uli pa mtengo umene uli, si maseŵela. Koma pa nkhani iyi, mphasa ya pa sitting room na ndalama ya minibasi yopita ku UTH ni mbali ya mankhwala. Ngati mlendo afuna kubwelela kumudzi, onani tsiku lolembedwa pa khadi lake musanamupelekeze ku siteshoni.

Ali kwanu, yang'anilani izi: kusanza magazi ofiila kapena akuda ngati khofi, cimbudzi cakuda bii conunkha kwambili, cizungulile poimilila. Zikaoneka, olo ni pakati pa usiku, funani motoka, musayembekeze minibasi za m'maŵa. Ndipo akadandaula mutu kapena msana, musamugulile brufen, aspirin kapena diclofenac pa kantemba. Mapilisi amenewo amakanda m'mimba ndipo angayambitsenso magazi.